Phewa la a Cornelio

A Cornelio Kanyoza sankapereka moni ngati anthu ena onse. Iwe ukatambasula dzanja, iwo ankalisiya lili m'malere, n'kukunga chibakera, n'kukudinda nacho paphewa lakumanja: phi! Akatero ankabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukuyang'ana ngati mbuzi ya pamsika, kenako n'kulengeza mfuti imene thupi lako lingapirire.

"Uyu ndi wa chifefe."

"Uyu wa kamfuti ka mbalame."

"Uyu, aaa, mpatseni legeni."

Amalawi tonse a mu Dublin muno tinapimidwapo, makamaka pakhomo la tchalitchi ku Drumcondra, Misa yathu ya mwezi ndi mwezi ikatha. Sankasankha. Madokotala, ma professor, amayi a kwaya, onse phi! Ngakhale Bambo Samuel, wansembe wathu, anadindidwa asanavule n'komwe zovala za Misa, mpaka anatsamira chitseko.

"Inu Abambo," anatero a Cornelio akupukusa mutu, "ingokhalani ndi madzi odalitsa omwewo."

Kumudzi a Cornelio anali a gemu ku Kasungu, aja othamangitsa njovu zikalowa m'minda ya anthu. Anabwera kuno kudzachita masters ya za nyama zakutchire, sukulu inatha, iwo osatha. Anapeza ntchito yaulonda pamashopu a ku Coolock, komwe chida chawo chachikulu chinali wailesi ya m'manja ndi makiyi. Koma pakamwa pawo mfuti sinkachoka.

"Mverani, ana inu," ankatero. "Mfuti iliyonse imamenya theche. Ikalavula chipolopolo kutsogolo, thako lake limabwerera kwa mwini wake kudzafunsa kuti ndiwe ndani. Ena amatsinzina isanalire n'komwe. Ena amalira mayo. Koma ine Cornelio, mfuti sinandisunthepo chibadwire."

Apa nkhani ya four-five-eight, mfuti ya njovu, inkayamba. Akuti mzungu wina wamimba yake anaiwombera kamodzi n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, chipewa chake n'kukakodwa mumtengo. A Cornelio anaitola, n'kuwombera katatu akutafuna chinangwa. Chaka chotsatira, pofotokoza nkhani yomweyo, kunali kasanu. Pomwe ine ndinkafika mu Ireland kunali kasanu ndi kawiri, ndipo chinangwa chija chinali chitasanduka nzimbe. Inaliponso ya pisitoli ina yaikulu yomwe akuti inagulula dzanja la msilikali, iwo n'kuiwombera ndi dzanja limodzi, linalo akudzikanda kumsana.

Loweruka lililonse ankapita kukalabu ina kuseri kwa Skerries, kumene anthu amawombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina. Ankavala jekete lawo labulawuni, lolemera, lomwe sankalivula ngakhale dzuwa la July liswe mtengo. Phewa lakumanja linkaoneka lokwera pang'ono kuposa linzake. Ukafunsa, ankalisisita monyada.

"Ndi mnofu umenewu, mphwanga. Sugulidwa."

Ine ndine Bennet, yemwe uja wa legeni. Ndinabwera kudzachita PhD, ndili wowonda ngati ndodo ya mopu, magalasi ali pamphuno. Ndipo mwa atsikana onse a mu Dublin, mtima wanga wopusawu unakagwera pa Emmie, namwino, mwana yekhayo wa a Cornelio.

Tsiku loyamba kukadya kwawo ndinaona chinthu chimene ndinachitenga ngati chachabe. Mayi Maureen, akazi awo a Cornelio, ankatulutsa nkhuku mu uvuni atavala magolovesi osiyana, ina yofiira, ina yamaluwa. Ataona ndikuyang'ana anaseka.

"Musadabwe, achimwene. M'nyumba muno muli mfiti yodya magolovesi. Ndikagula awiri, imodzi imasowa."

A Cornelio anatsokomola n'kuyamba nkhani ya mvuu.

Nthawi itakwana ndinatuma mnzanga Douglas kuti akhale nkhoswe yanga. Anapita atavala suti, anabwerako akuseka mpaka misozi.

"Aise, zonse zayenda bwino. Sukulu yako aikonda, ulemu wako aukonda. Koma mdala akuti mwana wawo sangamupereke kwa munthu wa legeni. Akuti ukawombere chifefe chawo twenty-five times, zipolopolo zamphamvu zija, osalira mayo, osathawa."

Ndinayesa kuti ndi nthabwala. Sinali nthabwala. Emmie, yemwe anakulira konkuno ndipo Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, anawakalipira bambo ake pamaso panga titapita kwawo.

"Daddy, this is not Kasungu!"

"N'chifukwa chake ndamupatsa timbale," anatero mdala, "osati njovu."

Potuluka ndinamunong'oneza Emmie kuti tingopita ku registry kukamangitsa ukwati kuboma mwakachetechete, mdala adzamva mawa. Anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaiwala. Anandiuza mosapsatira kuti bambo ake ndi ovuta, inde, koma popanda iwo kumugwira mkono kupita naye kuguwa, ukwati palibe. Basitu. Banja langa lonse linali litakhala paphewa limene ngakhale lamba wa chikwama cha laptop amalitupitsa.

Ndinakonzekera mmene ndikanathera. Masabata awiri ndinkatsamiritsa mtengo wa tsache kukhoma, n'kumadzigunditsa paphewa, mpaka mayi wa nyumba yomwe ndinkachita lendi anagogoda kudzafunsa ngati ndikufuna kucheza ndi munthu wina wake za mavuto anga.

Tsiku lija tinapita tonse kukalabu kuja: mdala, Mayi Maureen, Emmie, Douglas ndi Amalawi ena asanu omwe sindinawaitane. Mphepo ya kunyanja inkalowa mpaka m'mafupa. Ryan, mkulu woyang'anira owombera pakalabupo, atangondiona anandimvera chisoni. Anabweretsa kamfuti kopepuka ndi chovala chokhala ndi kakhushoni paphewa.

"No cushion!" anakuwa a Cornelio. "Ife zimenezo sitizidziwa."

Anandipatsa chifefe chawo. Ryan anandiveka zotseka m'makutu, n'kundionetsa poika tsaya, n'kundiuza kuti ndikanikize thako la mfutiyo paphewa kwambiri, ndisasiye mpata. Ndinasiya mpata. Ukakonzeka umakuwa kuti "Pull!" kuti makina aponye kambale, koma mawu amene anatuluka mwa ine anali a mwanapiye. Kambale kanauluka. Ndinatsinzina n'kukhethemula.

Abale anga, ine ndinamenyedwapo ndi aphunzitsi, ndinagwapo panjinga, koma zija zinali zina. Mano anagundana, magalasi anakwera pachipumi, ndipo kwa kanthawi ndinawaona agogo anga aamuna amene anamwalira ndili Standard 3. Kambale kaja kanakatera bwinobwino pa udzu, kosakhudzidwa.

"Imodzi!" anawerenga Douglas, nkhoswe yanga yomwe, mosangalala.

Pofika yachikhumi dzanja silinalinso langa. Zala sizinkamva kanthu. Ryan anati tipume kaye, ine ndinati ndikupita kuchimbudzi, n'kukabisala kuseri kwa shedi yosungira timbale. Kumeneko ndinalira mayo wanga yense amene ndinamusunga, mwakachetechete, mutu nditatsamiritsa pamalata.

Ndinangomva mapazi. A Cornelio.

"Vula ndione."

Ndinatsegula malaya. Phewa linali litatupa, labiriwira ngati biringanya. Mdala anayang'ana nthawi yaitali.

"Zatsala fifteen. Usiya?"

"Iyayi, bambo."

"Dzanja liguluka ilo."

"Liguluke. Mphete amavala kumanzere."

Anasuzumira uku, anasuzumira uko, ngati munthu wofuna kuba nkhuku. Kenako anamasula mabatani a jekete lija, n'kupisa dzanja m'kathumba kosokedwa mkati mwa phewa ndi ulusi wokhotakhota. Anasolola golovesi ya mu uvuni, yokhuthala, yopindidwa pawiri, yojambulidwa atambala.

Ndinayang'ana atambala. Ndinayang'ana mdala. Phewa lawo lakumanja linali litatsika, lafanana ndi linzake.

"Mnofu uja ndi umenewu?" ndinafunsa.

"Tseka pakamwa." Anailowetsa m'juzi langa ndi manja awo, n'kuikonza bwino. "Mzungu wogwa chagada uja kunalibe. Ndinali ine, tsiku langa loyamba. Fupa ili linathyoka, ndipo mpaka lero kukazizira limandikumbutsa. Ndinkangofuna ndione ngati ungathawe zikapweteka. Ukauza munthu, ndidzakuitanitsira four-five-eight kuchokera ku Kasungu."

Ndinabwerera n'kumaliza zonse. Zinkapwetekabe, musanamizidwe, koma kunali kupweteka koti munthu n'kupirira. Pa timbale twenty-five ndinaswa tiwiri, ndipo kamodzi Ryan anati mwina kanasweka kokha ndi mphepo. Emmie anandikumbatira cha kuphewa komweko, ndinatsala pang'ono kukomoka.

Tikanapita kunyumba pomwepo zikanatha bwino. Koma Douglas, Mulungu amukhululukire, anaomba m'manja.

"Mdala, tsopano muonetseni mwanayu mmene amachitira akuluakulu! Twenty-five zanu!"

Onse anavomereza, ena atatulutsa kale mafoni. A Cornelio anandiyang'ana. Ine ndinawayang'ana. Atambala anali m'juzi mwanga, ndipo panalibe njira yowabwezera anthu onsewo akuona. Ndinati ndiyambe kunamizira kukomoka kuti ndiwapulumutse, koma mdala anali atatenga kale mfuti.

"Pull!"

Anawombera zonse twenty-five paphewa lothyoka, lopanda kanthu. Nkhope gwa, osaphethira. Anaswa timbale twenty-one. Ine ndekha, amene ndinali pafupi, ndinkaona nsagwada zikulumana ndi misozi ikutsikira m'ndevu.

"Mukulira, bambo a Emmie?" anafunsa Mayi Maureen.

"Ndi mphepo ya ku Skerries iyi. Ilibe ulemu."

Mwezi wathunthu anthu ankadindidwa ndi chibakera chakumanzere. Mdala atafunsidwa anati akufuna dzanja linalo liphunzireko ntchito. Ndipo Lamlungu lotsatira, pakhomo la tchalitchi, anandikhudza paphewa pang'onopang'ono ngati akugwira dzira, n'kulengeza mokweza kuti, "Mkamwini wanga uyu ndi wa chifefe!" Digiri yanga ndinailandira patapita chaka, koma sinandisangalatse ngati mawu amenewo.

Tsiku la ukwati wathu a Cornelio anamugwira mkono Emmie mpaka kuguwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinawasungira chinsinsi, ndipo Khirisimasi iliyonse ndinkawagulira Mayi Maureen magolovesi a mu uvuni, apongozi aamunawo akundiyang'ana mondiopseza kuseri kwa nyuzipepala.

Chaka chatha, Lachiwiri m'mawa, mtima wawo unaima ali pa bus stop ku Coolock, akupita kuntchito. Akuti anangokhala pansi bwinobwino ngati munthu wotopa. Sanagwe chagada.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tichite Misa yotsanzikana nawo, thupi lisanakwere ndege ya kumudzi, Mayi Maureen anandiitanira kukhitchini. Anatsegula kabati ya pansi. Munali magolovesi okhaokha, mulu, iliyonse yopanda inzake: yofiira, yamaluwa, yamizeremizere, ndi ina ya atambala.

"Mumayesa sindinkadziwa?" anatero. "Munthu ndagona naye bedi limodzi zaka forty, ndisadziwe phewa lake? Ndinkachita kusankha zokhuthala dala. Kathumba kaja anasoka yekha moipa, ine ndinkakalimbitsa iye ali kuntchito."

Tinaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, tonse awiri, titakhala pansi pakhitchini.

"Ndamuikira imodzi m'jekete," anatero akupukuta maso. "Ulendo ndi wautali, ndege imagwedeza." Kenako anatola ya atambala ija n'kundipatsa. "Mawa munyamula bokosi, ndipo bambo anuwo si opepuka. Ikani iyi."

Ndinailandira ndi manja awiri, koma m'mawa mwake ndinaisiya m'thumba. Tinawanyamula pamapewa kuchokera kuguwa mpaka pagalimoto, anthu asanu ndi mmodzi, ine kutsogolo. Ngodya ya bokosi inakhala ndendende pamalo paja. Mdala ankalemera, abale, ngati wameza four-five-eight yake. Sitepe iliyonse inkandidinda, koma sindinalire mayo. Iwo anawombera twenty-five popanda kanthu chifukwa cha ine, ndiye ine ndikanalephera bwanji masitepe makumi angapo?

Nkhani iyi ndaulula ndi chilolezo cha Mayi Maureen, ndipo four-five-eight ija ili kutali ku Kasungu.

Masiku ano Misa ikatha timatuluka mwaulemu, n'kumagwirana chanza ngati anthu a pa interview. Ophunzira atsopano amafika mu September, amatha chaka chonse mu Dublin osadziwa ngati ali a chifefe kapena a legeni. Bambo Samuel amaima pakhomo osagwiranso chitseko. Ine ndikamayandikira pakhomopo phewa limadzilimbitsa lokha, kudikira chibakera, ndipo ndimadutsa popanda wondikhudza.

Bokosi lija linandisiyira chibiriwiri paphewa, chimene chinakhala masiku naini. M'mawa uliwonse ndinkachiyang'ana pagalasi chikuzimirira. Tsiku limene ndinapeza khungu lili bwinobwino, ndinalira kuposa pamaliro.