Mapazi Asanu a Dona

Lolemba

Kope latsopano, pensulo yatsopano, munthu yemwe uja: ine, dalaivala wa thirakitala amene akamadutsa kuesiteti mizimbe imagwada yokha!

Tchuthi cha sabata imodzi chayamba lero. Ntchito yake ndi imodzi basi: Dona.

Dona ndi kagalimoto kofiira ka achimwene anga a Tomasi. Mipando iwiri, denga kulibe, mphuno yayitali ngati ng'ona ya mu Shire. Anamusiya mzungu wina wa kuesiteti pothawa dzuwa la kuno, Donayo ali wakufa. Achimwene, makaniko wobwera ku Joni, anamudzutsa bawuti ndi bawuti, nkumumangira shedi ya njerwa zootcha yogundana ndi nyumba yawo. Mkazi wawo pansi pa udzu, Dona pansi pa malata. Alamu nkhani imeneyi sanaiiwalebe.

Chotsala ndi chimodzi. Dona matayala ake anabisala m'kati, waima mothinana ngati mwana wa sukulu pamaso pa ahedi. Achimwene amafuna aime motang'adza ngati ng'ombe yamphongo. Asanatero, chifuwa cha kumigodi chinawagwetsa. Mwezi wachitatu uno ali m'chipatala ku boma.

Loweruka akutuluka! Adokotala akuti akapumire kwawo. Ine ndikuti ndiye kuti achira. Alamu akungopeta mapira.

Ndinawalonjeza ali pabedi: Loweruka ndidzakutengani pa Dona, ataima mmene munafunira, Chikwawa yonse itseke masitolo idzaone.

Masana. M'chitini cha achimwene muli kope lawo la mapulani. Analemba okha: "Kuchoka kunja kwa tayala mpaka kunja kwa linzake, mapazi asanu." Basi? Sukulu ndinalekera Sitandade 3 koma asanu ndimawadziwa, ndipo mapazi ndili nawo, awiri, aakulu kuposa a munthu aliyense kuchoka pano mpaka ku Nsanje. Ndavala jombo zanga za kuesiteti, zija anaswera nkhuku mu imodzi. Chidendene ku chala, chidendene ku chala, kasanu. Ndadula bango la muyeso womwewo.

Zofunika:
bango (lilipo)
nzeru (zasefukira)
matayala onenepa anayi (awiri achimwene anasunga kale)
Zuze

Lachiwiri

Zuze wowotcherera, wa kutsidya kwa malire uja, ali pansi pa mtengo wa nimu ndi makina ake. Ndamufotokozera ngati mphunzitsi. Tikufuna masipesa, mbale zachitsulo zoika pakati pa habu (pomangirira tayala) ndi limu (chitsulo cha tayala) kuti tayala lituluke kunja. Komanso Dona ali ndi mabawuti anayi pomwe malimu onenepawa ali ndi mabowo asanu, ndiye mbale ina ikhale adaputala: uku anayi, uku asanu. Mkhalapakati wa ukwati!

Zuze wayang'ana bango. Wayang'ana ine. Wayang'ananso bango. Akuti, "Nkhabe, ayi, mbale wanga, izi si sipesa, ndi mtondo." Akufuna kutenga lula wake woyezera. Ndamuuza kuti muyesowu ndi wa a Tomasi, munthu amene anakonza galimoto za mabwana a ku Joni iye akuwotcherera mapoto. Walandira bango lija. Kuwina koyamba!

Matayala awiri enawo ndawapeza kwa a Fole, a ngolo aja. Ngolo yawo imayendera malimu onenepa a pikiapu yakale. Tasinthana: iwo atenga awiri a Dona, owondawo. Mabowo sakugwirizana, ndiye Zuze wangowawotcherera kungolo konko. A Fole akuti ng'ombe zawo tsopano ziziyenda ngati azungu.

Kutentha lero! Abuluzi akuyenda ndi miyendo iwiriiwiri mosinthana. Thukuta langa lokha likhoza kuthirira munda wa mpunga.

Alamu andipatsa madzi m'chikho. Akuti, "Alamu, mwadya?" Ndawauza kuti injiniya sadya ntchito isanathe. Kenako ndadya mlamba wonse.

Lachitatu

M'mawa. Mbale zafika, zisanu ndi zitatu, zolemera ngati tchimo. Jeke, sipanala, mafuta. Mabawuti a Dona akufupika, safika. Zuze akuti tikafune aatali ku Blantyre. Blantyre! Kwatsala masiku atatu okha kuti Loweruka lifike, ine ndizikwera phiri kufuna mabawuti? Ndalamula: wotcherera! Zuze akuti chowotcherera sichibwerera. Ndamuyankha kuti ndani akufuna kubwerera.

Zatheka!!! Dona watang'adza. Matayala atuluka kunja kwa madigadi, akuoneka ngati nkhanu yokwiya. Anthu akusuzumira pakhomo la shedi. Mayi wina wagwira pakamwa. A Fole akuti, "Galimoto yavala buluku la belubotomu iyi, a chipani akaiona aidula miyendo." Ndawauza kuti ndimugulira kadi ya chipani yakeyake. Anthu aseka, kenako acheuka kuona amene wamva. Zina sindilemba, kope limatayika.

Masana. Njinga mpaka ku boma. Pageti la chipatala kadi kaye, ndaonetsa, ndalowa.

Achimwene ali bedi la kuzenera. Wotchi yawo ya ku Joni yatsetsereka mpaka pachigongono. Ndawaseka kuti akufuna kudziwa nthawi ndi kukhwapa komwe. Aseka pang'ono, chifuwa nkuwalanda.

Akuti, "Wayeza bwino?"

Ndati ndayeza ndekha, ndi thupi langa lomwe.

Akuti, "Usathyole giya yachiwiri, imafuna ulemu."

Nthochi zimene ndinabweretsa Lamulungu zikadali pa kabati, zada. Ndadya ziwiri kuti asaone kuti ndaona.

Pobwerera njinga yalemera. Mwina ndi tcheni.

Lachinayi

Tsiku loyesa! Ndasamba, ndadzola, shati yoyera. Mudzi wonse uli panja, mbuzi zomwe. Kiyi. Dona walira ngati mkango wa ku Lengwe, malata onse njenjenje! Giya yoyamba. Pang'onopang'ono. Mphuno yatuluka, yaona dzuwa.

Gu!

Tayala la kumanja lagunda khoma. La kumanzere nalonso lagunda khoma. Onse awiri, nthawi imodzi, mwachilungamo.

Khomo lachepa. Sindikumvetsa. Achimwene anamanga okha shedi iyi, mapulani a Dona ali m'mutu. Kapena njerwa zafufuma ndi kutentha?

Zimene tayesa:
kuphwetsa matayala (waphwa mpweya, chitsulo sichiphwa)
kulowa chammbali ngati nkhanu
sopo wa alamu, mtanda wonse, kupaka m'makoma
amuna asanu ndi atatu kumupendeketsa (a Fole msana wati khe, apita kwawo atawerama)
kumunyengerera
kumutukwana

Chotsala mbali iliyonse ndi zala zitatu zokha. Zala zitatu! Ine amene ndimalowetsa thirakitala ndi matilela awiri pa mlatho wa ngalande maso ali chotseka!

Zuze wakhala pambali. Akungosuta fodya wake akuyang'ana jombo zanga. Sindikukonda mayang'anidwe amenewo.

Anthu abalalika. Dona ndamubweza m'mbuyo. Shati yoyera ija tsopano ndi yopukutira.

Mawa zitheka. Ndine ine.

Lachisanu

Sizikutheka.

Mamawa alamu abwera kushedi ndi chitini chija. Pansi pa kope panali lula wopinda wa achimwene, wachikasu. Ine ndimayesa ndi chokandira kumsana. Amutambasula, aloza ndi chala. Akuti, "Phazi la achimwene anu ndi ili, alamu. La m'buku. Kuchoka apa mpaka apa."

Amuika pambali pa jombo yanga. Jombo yapitirira ndi zala zitatu. Kasanu.

Ndiye phazi lilipo la munthu, lilipo la lula. Bwanji osalipatsa dzina lake? Sitandade 4 ndi kumene amanena zimenezi, eti?

Ndayesa kuseka. Ndati vuto ndi loti Mulungu anandipatsa zambiri. Alamu sanaseke. Masiku onse ndikawaputa amandibwezera kawiri, lero ayi.

Njira zobwerera:
Kumasula masipesa. Tinawotcherera. Zuze akuti akadula, habu ipita nawo limodzi.
Kubweza matayala akale. Awiri ali kungolo ya a Fole, owotcherera, anyamula thonje.
Kugumula khoma.

Ndatenga hamala yaikulu. Alamu aima pakhomo. Khoma la uku ndi la nyumba yomwe, chipilala cha uko chanyamula mtanda wa denga lawo. Achimwene anamanga mochenjera, zonse zinagwirana.

Akuti, "Mwamuna wanga akubwera kudzagona m'nyumba muno, osati pansi pa mtengo."

Ndati tidzamanganso akachira, iwo ndi ine, sabata imodzi yokha.

Akuti, "Alamu. Mukudziwa chimene akubwerera."

Hamala ndaiika pansi.

Madzulo. Alamu atumiza uthenga kwa alongo athu ku Makhanga ndi kwa amalume ku Ndamera kuti abwere msanga. Akusinja mapira ochuluka kuposa a anthu atatu. Ndaona. Ndinaona kale Lachitatu, pa wotchi paja.

Ndakhala mu Dona dzuwa likulowa. Mpando ukadali ndi dzenje la thupi lawo, lija la kale, lalikulu.

Chimodzi chokha anandipempha munthu uyu. Anandilera, anandiphunzitsa chiwongolero nditakhala pamiyendo pawo. Chimodzi chokha!

Loweruka

Tambala woyamba, sipanala m'manja. Mabawuti anayi, mpando wa Dona watuluka. Uwu wokha khomo silinaukanize.

A Fole, msana uli chopindika, abwereka ngolo ndi ng'ombe zawo ziwiri. Mpando wofiira ndaumanga pakati ndi chingwe cha mlaza. Ambulera ya alamu pamwamba. Hutala ya mphira ndachotsanso, ili m'thumba.

Ku boma dzuwa lili pamutu. Masitolo sanatseke. Palibe amene waona, kupatula mayi wa mandasi.

Achimwene ndawanyamula ndekha kuchoka pabedi. Thumba la thonje limalemera kuposa iwo. Panja ayang'ana uku ndi uku. Akufuna chofiira.

Akuti, "Dona ali kuti?"

Ndakanda m'mutu. Kenako ndati: Mwamukwera kale, achimwene. Mpando ndi wake. Matayala ndi ake, taonani. Hutala nayi. Injini yokha ndiyo tasintha, iyi imadya udzu.

Ayang'ana matayala owonda aja nthawi yaitali. Ayang'ana jombo zanga. Alamu awanong'oneza kukhutu.

Aseka! Kuseka kwenikweni, kuja kwa kale, kogwetsa mbalame mumtengo. Kenako chifuwa. Kansalu kawo akabisa msanga koma mtundu wake ndauona, ndi wa Dona.

Njira yonse hutala ili m'manja mwawo. Tikakumana ndi njinga, poo! Mbuzi, poo! Pena mphamvu yofinya ikuwathera, ndikufinya ndine, dzanja langa pamwamba pa lawo. Akuti, "Dalaivala, giya yachiwiri, ulemu." Ng'ombe zayenda mwaulemu.

Tafika dzuwa litapendeka. Alongo afika kale, adutsa pa bwato. Akulira kuseri kwa nkhokwe kuti asamveke. Akumveka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mpando ndaubwezera m'malo mwake.

Achimwene phala akana. Akuti akufuna kushedi. Alamu akuti ayi, kenako akuti chabwino. Ndawanyamula.

Pakhomo akuti ndiime. Ayang'ana Dona kuchokera kutsogolo, matayala ali panja, chifuwa chili tambasu. Ayang'ana ngati mmene amayang'anira ntchito ya ophunzira awo, diso limodzi chotsinzina.

Akuti, "Waima pyadidi, waima bwino."

Akuti ku Joni konse sanaone galimoto yoima chonchi. Sindikudziwa ngati akunditama kapena akundinyoza. Ndatenga ngati kutama.

Ndawakhazika pampando. Kiyi apotoza okha, ndi manja awiri. Dona walira. Phazi lawo lilibe mphamvu, ndagwada pambali, ndikuponda mafuta ndi dzanja. Malata njenjenje, utsi tolo, nkhuku zonse kuthawa. Alamu akwera mpando winawo, koyamba chibwerere Dona pakhomo pano. Achimwene agwira chiwongolero, akuyang'ana kunja pakhomo, kumsewu. Mphuno ya Dona yokha ili padzuwa.

Sitinapite kulikonse. Akuti tafika.

Injini itazima andikodola. Ndawerama. Andipatsa lula wachikasu uja, akuti ndisunge, ndiphunzire. Kenako andigwira khutu ngati kale.

Akuti, "Koma bokosi langa usadzayeze ndi ameneyu. Udzayeze ndi jombo zakozo, ndikagone motakasuka."

Ndati achimwene musayankhule zopusa, anthu ochira sayankhula choncho. Ndati sabata yamawa tigumula khoma, tipita mpaka ku Nsanje, atsikana azikomoka m'mbali mwa msewu. Akuti eya, eya.

Tsopano agona m'nyumba mwawo, pansi pa denga lawo. Amalume afika. Dona ali m'shedi, waima bwino, ndipo satuluka. Ndasiya kulimbana naye.

Mawa tchuthi chatha koma kuesiteti sindipita, mizimbe igwadire wina.

Madzulo ano ndapita kudambo ndi jombo zanga. Chidendene ku chala, kasanu ndi kamodzi. Bango ndalibisa kudenga la shedi, alamu asalione.