Banja langa la pachikwangwani

Ena ukwati wawo unathera mowa, ena unathera apongozi. Wanga unatha usanayambe n'komwe, ndipo chinautha ndi chiponde cha m'botolo. Anzanga amaseka ndikanena zimenezi, koma ine sindiseka nawo kwenikweni.

Zinali zaka zija zinthu zitavuta mu Lusaka, pamene sopo, mafuta ophikira ndi buledi zonse zinali za pamzere. Ndinkagwira ntchito pafakitale ina ku dera la mafakitale la Heavy Industrial, yomata mapepala pamabotolo a chiponde (kupanga tinkapanga ndife, koma kudya ankadya ena). Kale kampaniyo inkatsatsa malonda ndi chithunzi cha kamwana ka mzungu ka masaya ofiira, chojambulidwa kunja. Kenako kunabwera kanyimbo ka pa wailesi kamene ana ankaimba podumpha chingwe. Ana anaimba ndithu, koma amayi awo anabwerera ku mtondo kukasinja okha mtedza, ndipo mabotolo anangounjikana mosungira katundu.

Bwana watsopano anati anthu agula akaona nkhope zonga zawo. Ndalama zolipira anthu odziwa kujambulitsa kunalibe, ndiye anayenda mufakitale kutiyang'ana mano ngati akugula mbuzi.

"Iwe, seka!"

Ndinaseka.

"Uyu ali bwino, mano yonse yalipo."

Anandiveka jekete ndi taye zobwereka. Mkazi anandipatsa ba Fostina, mayi wolongedza mabotolo wa ku Kanyama, ndipo mwana anakhala kamtsikana kawo, Tiko, ka zaka ngati zitatu. Tiko atandiona analira ngati waona jakisoni. Wojambula anamunyengerera kuti akanditchula adadi ndi kukhala pamiyendo panga, adya buledi. Buledi weniweni anabweradi, wathunthu, wofewa, wopaka chiponde mosaumira. Ine ndinali nditaiwala ngakhale fungo lake. Ba Fostina anakweza kachidutswa pafupi ndi tsaya lawo, wojambula n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumeneko mwachikondi. Sanachite kubwereza.

Tsono nthawi imeneyo ndinali pa chitomero ndi Enelesi, mwana wa a Banda a ku Mtendere, mmisiri wa matabwa wochokera ku Katete komanso mkulu wa mpingo. Ankhoswe anali atamaliza zokambirana, tinkangodikira kuti mvula ithe. Za chithunzizo sindinamuuze. Ndinkati chikhala kakang'ono m'nyuzipepala, ndidzamuonetse monyadira (nzeru zanga nthawi imeneyo zinali zomatira mapepala basi).

Loweruka lina ndikutsika minibasi ku Mtendere, kondakitala anakuwa: "Ba chiponde bafika! Bapaseni njila!" Ndinakweza maso. Pafupi ndi msika panali chikwangwani chachikulu kuposa nyumba imene ndinkachita lendi. Ndinali pamenepo ine, taye pakhosi, mwana pamiyendo, ndikumwetulira mkazi wa mwini. Pansi analemba kuti banja losangalala limayamba tsiku ndi chiponde. Ndipo mumthunzi wa chikwangwanicho ndi mmene Enelesi ankagulitsira tomato.

A Banda anandilandira osandipatsa mpando. Kwa iwo chithunzi chinali cha zinthu zoona, ukwati, ubatizo kapena chitupa.

"Bambo, munthu savala taye kuti ajambulidwe ndi banja la mnzake," anatero. "Mwana wanga mukufuna akhale wachiwiri?"

Ndinalumbira mpaka pakamwa panauma. Kenako ndinaganiza njira imene ndinkaiona ngati ya nzeru, yobweretsa ba Fostina ndi amuna awo kuti adzafotokoze okha. Tsiku lopita, amuna awo anali kukapa madzi amene analowa m'nyumba, poti ku Kanyama mvula sichita nthabwala. Ba Fostina anabwera okha, Tiko ali mtulo kumsana. Anagwada, anapereka moni, n'kufotokoza bwino lomwe, moti a Banda anayamba kugwedeza mutu movomera. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Pamenepo Tiko anadzuka. Anasuzumira, anandiona, nkhope yonse inawala. Anatsetsereka, anadutsa pakati pa nyumba n'kukwera pamiyendo panga pomwe ndinakhala pansi.

"Adadi! Buledi ili kuti?"

Amayi a Enelesi anagwira pakamwa n'kuti, "Mayo ine!" Ba Fostina, chifukwa cha mantha, anayamba kuseka, ndipo kusekako kunangoonjeza moto. Ine ndinayesa kumutsitsa mwanayo, iye n'kundikakamira pakhosi akulira, moti amayi a Enelesi anandikalipira kuti ndisakane magazi anga pamaso pawo.

Sabata yotsatira atate a Tiko anabwera okha. Sanafunike kulankhula zambiri, chifukwa mphumi ndi makutu a mwanayo zinali zawo ndendende. A Banda anakhulupirira, anandipatsa mpando, mpaka anandipepesa. Ndinathamangira kumsika ndili wokondwa kuti mlandu watha.

Enelesi ndinamupeza akuunjika tomato. Anali ataonda. Masiku onsewo amayi a pamsika ankamufunsa kuti mkazi wamkulu wadzuka bwanji, iye n'kumangomeza.

"Niziba kuti mwana si wanu," anatero osandiyang'ana. "Ivo vinatha."

"Manje vuto ni chani?"

"Yanganani kumwamba. Onani mwamene mubayanganila baja bamai. Ine nankala pansi pa iyi nkope masiku yonse, naiona bwino. Ntawi yonse iyi tili pamozi, simunaniyanganepo so."

Ndinayang'ana, ndipo ananena zoona. Maso a munthu wa pachikwangwaniyo anali onyowa, odzaza chikhumbo, ngati a munthu amene wapeza chimene wakhala akuchisowa. Ndinaona kuti chondipulumutsa ndi kunena zoona.

"Enelesi, sinenze kuyangana ba Fostina. Nenze kuyangana buledi."

Ndinkayembekezera kuti aseka. Koma tomato ali m'manja, misozi inayamba kutsika.

"Kansi na buledi yanipambana," anatero. "Yendani chabe, musanichedwese pa malonda."

Ankhoswe anayesa, a Banda nawonso anayesa, koma Enelesi anakana kwamtuwagalu. Posakhalitsa fakitale inatsekedwa, ndipo panalibe wobwera kudzachotsa chikwangwani. Ndinakhala pamwamba paja zaka, ndikusuluka ndi dzuwa, ndikumwetulirabe, mpaka Enelesi anakwatiwa ndi munthu wina n'kusamukira ku Matero.

Mpaka lero ndimadzifunsa bodza limene ndikananena tsiku lija, koma sindinalipeze. Mtsikana uja ndinkamukonda, ndipo zimandiwawabe. Kungoti zaka zimenezo njala ndiyo inkaonekera msanga pankhope.