Mmene Ndinachiritsira Apu ya Misozi ndi Khutu

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone, apo ayi akhale pansi amve, chifukwa ine ndakonza malole pamalire a Mwami zaka zambiri kuposa mano omwe atsala m'kamwa mwa nonsenu, ndipo palibe injini yomwe inandibisirapo matenda ake.

Mwana wanga Misozi, yemwe anaphunzira za makompyuta, anapangira alimi a kopaletivu ina ku Kasenengwa apu ya pafoni yoti aziona mitengo ya mtedza ndi soya asanakweze matumba kubwera nawo kuno ku Chipata. Apuyo inali yokongola koma yaulesi. Mayi wina anaidina tsiku lobzala, anapalira, anakumba, anathothola, anayanika, mwana wake wamkazi anakwatiwa n'kubereka, kagudumu kosonyeza kuti dikirani kakungozungulirabe pagalasi la foni, ndipo mtengo utatuluka unali wa mtedza womwe mdzukuluyo anali atadya kale m'phala. Foni inkatentha moti dalaivala wina ankasitira malaya, ndipo batire yako ikatha inkayamba kumwa ya munthu wokhala nawe pafupi. Mukumva?

Alimi anayamba kuifufuta. A komiti ya kopaletivuyo anauza Misozi kuti ikapanda kuchira pofika Lachisanu, ntchito yatha, ndipo iye anati ndiye apita ku Lusaka kukasaka ina. Apo mtima unandipweteka, sindibisa. Mayi ake anatisiya kale, ndipo pakhomo ndi iye yekha amene amaseka nkhani zanga.

Lachitatu m'mawa ndinamupeza pakhonde, foni ataimangirira ku laputopu ndi chingwe. Anati akuyesa pulofaila, chida chomwe chimalondola apu ikamagwira ntchito n'kuonetsa pomwe nthawi ikuthera. Anzake anali atamuuza kuti vuto ndi netiweki, ena akuti mafoni a alimi ndi okalamba. Ndinamuuza kuti makaniko wongoganizira amamasula lole yonse pomwe cholakwika ndi nati imodzi. Umayamba wamvera.

Ndinatenga sikuludiraiva yanga yaitali, nsonga pafoni, chogwirira pakhutu, monga timachitira ndi injini, ndipo abale anga ndinamva zonse, ndinamva masekondi atafola mzere ngati malole pamalire, ena atazimitsa injini, ena akuchapa zovala, sekondi imodzi yaimvi ikudandaula kuti inafika chaka chatha koma mapepala ake sanadindidwe, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali chinthu chachikulu chitagona chopingasa msewu, chikuliza mkonono. Ndinaloza ndi chala. Nthawi yomweyo pa laputopu panatuluka mzere wofiira womwe unapitirira m'mphepete mwa galasi, n'kutsika pakhonde, n'kuwoloka msewu, mpaka wanjinga wina wonyamula makala anapunthwapo. Makinawo anangovomereza zomwe khutu langa linali litanena kale.

Misozi anachotsa chinthucho, ndipo kuyambira tsiku limenelo apu imayankha usanaidine. Mlimi wina wa ku Madzimoyo anangoganiza za soya ali kumunda, foni ataisiya kunyumba, mkazi wake n'kuona mtengo ukutuluka wokha pagalasi, ndipo batire yomwe anatchaja mwezi umenewo mpaka lero akuyatsira nayo wailesi. Lachisanu a komiti anaomba m'manja. Misozi sanapite ku Lusaka, ali pano, mukafuna kamufunseni.

Mukuti chinthu chija chinali chiyani? Ndimadziwa kuti mufunsa. Atadina pamzere wofiira uja, Misozi anagwada pafupi ndi mpando wanga.

"Atate, ndi inu."

Apu ikupangidwa ndinali nditamuumiriza kuti mwana woleredwa bwino sayamba ntchito osalemekeza kholo, choncho aike chithunzi changa cha suti, chojambulitsa ku situdiyo, chachikulu moti ulusi wa tayi uzioneka, ndipo chizituluka choyamba. Iye, poopa kundiyankha, anachiika. Foni ya mlimi aliyense inkayamba yandikoka ine yense, ndi nsapato zomwe, isanafike pa mtengo wa mtedza.

Anandipempha mwaulemu ngati angandichotse. Ndinayang'ana chithunzicho komaliza, ndinali nditatchena ndithu, kenako ndinagwedeza mutu kuti chotsa.

Ndiye wotsutsa andiuze: ndi makaniko uti mu Chipata muno amene anapeza vuto ndi khutu lokha, vutolo n'kukhala iye mwini, n'kulola kumasulidwa?