Tsiku limene bondo langa linaiwala kupweteka

Kwa apongozi anga ku Ntengo-Wambalame ndimafikako choweramitsa mutu masiku ano, ndipo chifukwa chake ndi ng'ombe.

Chaka chatha ine ndi mkazi wanga tinapita kukawathandiza kukumba kachewere. Bondo langa ndi lovuta chigwereni pa mota, njinga yamoto ija, choncho anandipatsa ntchito yosoka matumba nditakhala pansi, mkazi wanga akundigwirira kukamwa kwa thumba. (Bondolo limapwetekadi, ngakhale potsimphina ndinkathirako kamchere.)

Dzuwa lili paliwombo, nkhunzi ya oyandikana nawo inadula chingwe n'kulowa m'munda, nyanga zili kutsogolo. Zapakatipa sindizikumbuka. Ndinangozindikira ndili pa nthambi ya mtengo wa mapeyala, kutsidya kwa ngalande imene m'mawa ndinawoloka mochita kugwidwa mkono. Apongozi aamuna, munthu wa imvi zake, anangotola katsatsa, kuyiimbira likhweru, nkhunzi n'kubwerera.

Kutsika ndiye kunavuta.  Anachita kukankhira ngolo pansi pa mtengo kuti nditsikirepo, anthu onse akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Popuma, mlamu wanga, amene ndi namwino ku Furancungo, anandigwira pamkono n'kunena kuti sindinaname za bondo. Akuti maso ataona ngozi, ubongo sunadikire kuti ndiganize. Unatumiza uthenga m'mitsempha kupita ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ito n'kuthira m'magazi timadzi totchedwa adirenalina. Timadzito ndi timene tinathamangitsa mtima, kutsegula chifuwa, kutumiza mphamvu kumiyendo, ululu n'kuuzidwa kuti uyambe wadikira.

"Zonsezo zinatha musanatseke n'komwe pakamwa, alamu," anatero.

Ndinadziyang'ana manja ndi ulemu waukulu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulinyoza thupi ili, osadziwa kuti m'katimu muli antchito omvana chonchi, wina kutuma, wina kuthamanga, popanda msonkhano. Ndinayamba kufunsa zambiri, mpaka ndinaiwala manyazi.

Mkazi wanga, amene nthawi yonseyi ankachotsa dothi pachitenje, anafunsa motsitsa mawu.

"Achemwali, nanga uthengawo sunatchuleko kuti pambali pawo panali mkazi wawo?"

Mlamu anayankha kuti zimenezo sanaziphunzire.

Mpaka lero ndimalisirira thupi langa, ndipo aliyense wokhala nane pafupi mu shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndimamufotokozera za tiziwalo ta pa impso. Koma ndinaphunzirapo kuti thupi likakupulumutsa, kupepesa limakusiyira wekha.