Pulogalamu ya Kachewere Yodzaza Makapulana

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimatuluka thukuta ngakhale m'mwezi wa Junyu, pomwe kuzizira kwa kuno ku Angonia mukukudziwa. Koma ndinena basi, manyazi sanaphepo munthu.

Ndimagwira ntchito pa kakampani kena ku Ulongwe, kopanga mapulogalamu a m'telefoni. Udindo wanga amati product owner. Dzinalo lisakuopseni. Ine ndi amene ndimapita kwa kiliyente, mwini ntchito, kukamva chimene akufuna, n'kudzauza anyamata a makompyuta choyambira ndi chosiya. Ndikasokera ine, gulu lonse lalowa m'tchire.

Tsono tinapeza ntchito yonona, yopangira pulogalamu amayi ogulitsa kachewere ku Domwe. A shefi, bwana wathu, anandiuza mosapsatira kuti amayiwo akakana ntchito yathu, kontiratu yatha, ndipo ine ndikalime nyemba.

Nditafunsa za mtsogoleri wa gulu la amayiwo, a shefi ananditchulira dzina. Anali apongozi anga enieni, mayi ake a mkazi wanga Rozita!

Mwambo mukuudziwa inu. Apongozi aakazi ukawaona akubwera, umapatuka n'kuyamba kuyang'ana chimanga cha eni ake. Ndiye ine ndikhale nawo maso ndi maso, ndiziwapanikiza ndi mafunso ngati wapolisi? Ayi ndithu. Ndinapeza nzeru yoti Rozita azikawafunsa Loweruka, ine ndizilandirira mayankho kunyumba. Ndinadzitama kuti mutu ndili nawo.

Yankho loyamba linali loti amayi akagulitsa kachewere amafuna kuona mitengo ya makapulana, zitenje zija. Ndinati n'zomveka. Lachiwiri linali la mesha wa tsitsi. Kenako mapoto.

Jeremiyasi, katswiri wathu wa makompyuta, anandifunsa ngati tikupanga za kachewere kapena za ukwati. Ndinamukalipira kuti product owner pano ndine, iye azingogogoda makiyi. Sprint ndi sprint, ndiko kuti masabata awiri aliwonse, anyamata ankagwira ntchito ngati abulu, ine ndikuvomereza zonse monyada.

Tsiku loonetsa ntchito tinakwera shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Domwe. Amayi anadzaza kalasi ya pasukulu, Rozita nayenso analipo. Ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, nkhope kukhoma, poti apongozi anali kutsogolo.

Jeremiyasi anayatsa makina, zithunzi n'kuonekera pakhoma. Makapulana mbwee! Mesha, mapoto, zonse zonyezimira. Kachewere anaoneka kumapeto, kachithunzi kamodzi kangati chikhadabo.



Apongozi anaimirira n'kuuza a shefi modekha kuti iwo chiyambire anapempha chinthu chimodzi chokha: adziwe tsiku limene makamiyau a ku Tete, malole onyamula katundu aja, akubwera ndi mtengo wa kumeneko, kachewere asamawolere m'mbali mwa msewu. Anati uthengawo ankapatsira mwana wawo Loweruka lililonse.

 A shefi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana Rozita. Mayi wa ana angayo maso anali pakhoma, akusirira kapulana yobiriwira.

"Ndikukupatsani sprint imodzi yotsiriza," anatero a shefi. "Pitani mukafunse nokha, pompano."

Ndinayenda ngati wopita kokanyongedwa, n'kukagwada chapatali, maso pansi. Koma apongozi nawonso ndi munthu wa mwambo, sakanalankhula nane mwachindunji. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Uwauze amuna akowo kuti tikufuna tsiku la kamiyau ndi mtengo wa ku Tete. Basi."

Kalasi yonse inamva. Ine ndinamva ndi makutu anga awiriwa. Rozita anabwera mwaulemu wake wonse, n'kugwada pambali panga, n'kundinong'oneza:

"Akuti za kamiyauzo mupange, koma muwonjezereponso nsapato."

Ulemu ndi wabwino, abale anga, koma apongozi akakhala kiliyente, makutu osabwereka.