Tsiku limene apongozi anandilanda chinjinga

Mukandiona ndikuyenda wapansi kuno ku Chikamveka, chonde musandifunse kuti chinjinga changa chija chili kuti. Ndifotokoza kamodzi kokha, ofuna kuseka asekeretu.

Chinali chinjinga chamoto cha mateyala anayi, chija ankayendera oyang'anira nkhalango kuphiri. Ndinachigula chitafa kale, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinachikonda kwambiri. Ndinatsuka kabuleta, kusintha pulagi, kumata mateyala, mpaka chinayamba kutsokomola. Sitata inakana, koma pambali pa injini pali chingwe chokoka polizira. Panalinso kaswichi koletsa injini kulira ikakhala m'giya. Kankavutavuta, ndiye ndinakadula n'kulumikiza mawaya ake (tsiku limenelo ndinkadziona ngati injiniya).

Vuto linali apongozi anga a ku Malosa. Ankauza mwana wawo kuti anakwatiwa ndi mwamuna wotola zitsulo. Mawuwa ankandipweteka, ndipo ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina andione ngati munthu. Ndiye atabwera kudzacheza, n'kunena kuti sanaonepo Damu la Mulunguzi chifukwa bondo limawavuta, ndinalumpha.

“Ndiwatenga ine,” ndinauza mayi a kunyumba.

“Pa chimenecho? Amayi anga?”

“Chachira.”

Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sakhudzana, ngakhale kuyang'anana m'maso. Choncho iwo anakhala kumbuyo kwenikweni, pa chitsulo choikapo katundu, atayang'ana kumbali. Ine ndinadzikanikiza pa thanki. Pakati pathu pakanakwana anthu ena awiri.

Tinakwera phiri bwinobwino. M'makona monse chinjinga chinkangoimba, mtima wanga uli mbee. Ndinayamba kuimba mluzu, mpaka kubayibitsa ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu. Titalowa kamsewu kafumbi ka m'mapaini, chinatsokomola kawiri, n'kungoti zii.

“Chatopa?” anafunsa apongozi, akuyang'ana mitengo.

“Ayi amayi, chikungopuma.”

Ndinakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, osalira. Ndinadziwa chimene chinkafuna: wina akoke, wina apatse moto pang'ono. Moto wake umapatsidwa ndi kachitsulo ka pa chiwongolero, kokankha ndi chala chachikulu. Ndinagwada pansi mwaulemu.

“Amayi, pepani, mungasunthireko kutsogoloku? Mungokankha aka pang'ono pokha.”

Anakonza chitenje, n'kukhala pampando ngati akudikira chithunzi. Ndinalavulira m'manja, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Chinalira. Ndipo pomwepo ndinakumbukira zinthu ziwiri: kuti chinali m'giya, ndiponso kuti kaswichi kamene kakanachiletsa ndinakadula ndekha.

Apongozi ananyamuka. Ine ndinatsala chagada, kachigwiriro ka chingwe kali m'manja.

“Siyani chala, amayi! Chala!”

Koma munthu akachita mantha amagwiritsa, ndipo akagwiritsa chimathamanga. Ndinangoona duku likuzimirira pakona. Ndinathamanga, abale, nsapato ina n'kutsala m'matope. M'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mawu okanena kwa ankhoswe (mungayambe bwanji? “Apongozi athawa ndi njinga”?). Ndinakumana ndi amayi awiri atasenza nkhuni.

“Mwaonako agogo pa njinga?”

“Adutsa. Atipatsa moni.”

Moni? Ndisanamvetse, ndinamva injini ikubwerera. Anali iwowo, duku lili pakhosi, imvi zili pamtunda, akuseka mpaka usinini kuoneka. Anali atakafika pabwalo lodulira mitengo, n'kuzungulira, n'kutulukira okha kuti ukasiya chala chimaima. Anaima pafupi nane bwinobwino, kuposa mmene ndimaimira ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo anandiyang'ana m'maso.

“Bambo, kodi chimathamanga pomwepa basi?”

Ndinasangalala ngati mwana. Damu analiona, mabulosi tinadya, ndipo madzulo ndinawamva ali kukhitchini akuuza mwana wawo kuti, “Amuna akowa ali ndi manja.” Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba, phazi lina lopanda nsapato.

M'mawa mwake mayi a kunyumba anabwera ndi uthenga, akuluma mlomo kuti asaseke.

“Akuti bondo lawavuta kwambiri. Akuti kuchigayo n'kutali, kutchalitchi n'kutalinso. Akuti inu ndinu mwana wawo, simungawakanize chinjingachi.”

Ndikanati chiyani? Ulemu umene ndinausaka zaka zonsezi unali utangofika dzulo lake. Ndinachiperekeza ndekha ku Malosa, n'kubwerera pa minibasi.

Pano ndimaitanidwa pulagi ikada kapena teyala likaphwa. Ndimapita ndi zipanera zanga, ndimagwada, ndimakonza. Kaswichi kaja ndinati ndikabwezeretse, koma eni ake anakana, akuti kangamawachedwetse. Ndikamaliza amandikweza kukandisiya pa siteji, ine nditakhala pa chitsulo cha katundu, nditayang'ana kumbali.