Tsiku limene ndinathawitsa wodwala wa m'sewero

Mpaka lero ana a kuno ku Chia akandiona amakuwa kuti "Ambulansi!" Ine ndimangowerama, poti dzinalo ndinadziputira ndekha.

Mwana wanga Asiyatu anatengera ine manyazi. Ali sitandade 2, aphunzitsi ake anandiuza kuti sanamvepo mawu ake m'kalasi, ndipo akapitiriza choncho adzabwereza. Zinandipweteka, chifukwa inenso sukulu ndinaisiyira panjira poopa kuimirira pamaso pa anzanga.

Kenako kusukuluko kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza ngati masewero amathandiza ana kuphunzira. Asiyatu sanandiuze zoti amuika m'sewero (akanandiuza bwanji, poti kwathu timayankhulana ndi maso?).

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kunyanja, beseni la usipa lili pamutu, ndinadutsa pasukulupo. Pansi pa mtengo wa mango panali mwana atagona pamphasa, akunjenjemera, anzake atamuzungulira akulira. Ndinazindikira chigamba cha paphewa la yunifolomu. Ndinasoka ndine.

Beseni linagwera uko. Kamtsikana kovala shati yoyera yofika m'mawondo kananditchingira njira, kakuti iko ndi dokotala. Ndinakakankhira pambali, n'kuponya Asiyatu kumsana, n'kumanga chitenje, liwiro kumsewu. Aphunzitsi ankathamanga pambuyo akuitana kuti ndidikire (ine ndimvekere mumtima, anthu abwino awa, akundiperekeza). Ndinaimitsa wakabaza, ndipo ndinali nditayamba kale kukwera pamene kumsana kwanga kunatuluka mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Amayi, nditsitseni! Ndi sewero la malungo! Mawu anga sindinanene!"

Ngakhale ogulitsa mpunga kutsidya kwa msewu anatembenuka.

Ndinabwerera ndikuyang'ana zala zakumapazi. Usipa uja nkhuku zinali zitagawana ndi akhwangwala. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma aphunzitsi ankangopukuta misozi ya phwete.

"Mayi a Asiyatu," anatero, "ife takhala tikumunyengerera kuti akweze mawu, zosatheka. Inu mwangomubereka basi."

Mayi wofufuza uja anandigwira dzanja n'kundikhazika pabenchi pafupi naye, osasamala fungo la nsomba. Sewero linayambiranso. Asiyatu anagona, ananjenjemera, dokotala uja anamupima akundiyang'ana cham'mbali. Kenako mwana wanga anadzuka n'kuuza anzake onse kuti neti ndi yogonamo, si yogwirira usipa. Mawu ake anafika mpaka kumzere wakumbuyo. Ine ndinabisa nkhope m'chitenje, koma ulendo uno sichinali chifukwa cha manyazi.

Kalasi sanabwereze. Masiku ano amakweza mkono m'kalasi, ndipo kunyumba amalongolola mpaka bambo ake amathawira kokasoka ukonde. Aphunzitsi aja ndikakumana nawo mawu amandithawabe, ndiye ndimangowapatsira chambo.

Teremu ino akuti Asiyatu adzagwidwa ndi ng'ona. Aphunzitsi andiuziratu mobwerezabwereza kuti ng'onayo ndi mwana wa aneba atavala thumba la feteleza, ndipo ndavomera kuti ndamva. Komabe ndawapempha kuti adzandikhazike kutsogolo.